Kasinja wokwana m'manja

Pa Zóbuè, malole akandandalikana kudikira mapepala kuti awolokere ku Mwanza, mwana wamaso sasowa chophunzira. Tsiku lina ndinapeza mnyamata wa zaka ngati 12 atakhala pamwala, waya ali m'manja, maso ali pa lole ya mafuta imene inaima patsidya pa msewu. Sankapupuluma. Akapinda waya ankadzutsa mutu, n'kuwerenga ndi chala m'malere, kenaka n'kuwongolanso pomwe wapindapo. Nditasendera ndinaona chimene chinkamuvuta: makwerero a kumbuyo kwa thanki. Iye anali ataika masitepe anayi, pamene lole yeniyeniyo inali ndi asanu.

"Ukuphwasuliranji, mwanawe, poti ikuyenda kale bwinobwino?"

"Ikhala yabodza, bambo," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Yankho limenelo silinandichoke m'mutu, chifukwa ndi lomwenso angapereke munthu wamkulu wa ku Japan kapena ku Britain amene amatha miyezi akumata tizidutswa ta pulasitiki kuti patuluke kasinja wa 1916 wokwana m'manja. Kunja kuno kuli anthu ambiri amene mtima wawo uli pa ntchito imeneyi: kupanga zifanizo zazing'ono za akasinja akale motsata muyeso, n'kuzipenta mpaka zioneke ngati zangovuuka kumene m'matope. Ali ndi magazini awo, mipikisano yawo, ndipo amakangana usiku wonse pa za mtundu wa utoto. Ife a m'mbali mwa msewu wa Moatize ndi Zóbuè tikhoza kunena kuti zimenezo n'za eni ndalama. Ine sindivomereza. Lusoli tili nalo kale, kungoti kwathu limatchedwa galimoto ya mawaya. Ndipo akasinja enieniwo ambiri a ife tinawaona ndi maso, akuyenda, tisanawaone pachithunzi.

Munthu sangapange chifanizo cha chinthu chimene sakuchimvetsa, choncho tiyambe ndi chinthucho.

Pofika 1915 nkhondo ya ku Ulaya inali itaima malo amodzi. Asilikali anakumba ngalande kuyambira kunyanja mpaka kumalire a Switzerland, pakati n'kuyalapo waya waminga, ndipo aliyense wodzutsa mutu ankakumana ndi chiwaya. Angerezi anafuna chinthu choti chiziponda wayayo, chiziwoloka ngalande, zipolopolo zizingogwera pansi. William Tritton wa kampani ya William Foster ku Lincoln, imene inkapanga makina a ulimi, anagwirizana ndi Walter Wilson n'kuyamba ndi chibokosi chachitsulo chimene chinatchedwa Little Willie. Chilipobe lero m'nyumba yosungira akasinja ku Bovington. Ngalande zazikulu zinachikanika, ndiye anasintha kapangidwe: matcheni anawazunguliza thupi lonse, mphuno n'kuikweza m'mwamba, moti ukaona cham'mbali chimakhala ngati bokosi la machesi lopsinjidwa mopendeka. Pobisa chinsinsi ankati akupanga mathanki a madzi. Dzina la Chingerezi linabadwira pamenepo, ndipo Apwitikizi anangolitola.

Kasinja watsopanoyo, Mark I, analowa kunkhondo koyamba pa 15 Sepitembala 1916, pafupi ndi mudzi wa Flers, m'dera la mtsinje wa Somme ku France. Analipo 49, koma ambiri anafera panjira kapena kutitimira asanakumane ndi mdani. Aliyense ankalemera matani pafupifupi 28, ndipo pamalo abwino ankayenda makilomita 6 pa ola, liwiro la munthu woyenda ndawala. Mfuti sizinali pamwamba ayi, zinali m'tizipinda totulukira m'mbali. Wokhala ndi mizinga iwiri ankamutcha wamwamuna, wokhala ndi ziwaya zokhazokha wamkazi. M'katimo munkakhala anthu 8, ndipo anayi mwa iwo ntchito yawo inali yongoyendetsa: dalaivala, mkulu wa gululo amene ankagwira mabuleki, ndi awiri kumbuyo osintha magiya a tcheni iliyonse. Injini inali pakati pawo, yopanda chotchinga. Phokoso linali loti sungamve mnzako, moti dalaivala ankachita kumenya chitsulo ndi sipanala kuti am'cheukire. Kutentha kunkafika madigiri 50. Amene analowapo m'nyumba ya malata ku Moatize masana a Okutobala awonjezere utsi wa petulo ndi wa wonga, kenaka atseke chitseko. Ena ankakomoka. Uthenga wopita kwa akuluakulu ankautumiza ndi nkhunda.

Pa 20 Novembala 1917, ku Cambrai, Angerezi anatulutsa akasinja omenya nkhondo pafupifupi 380 nthawi imodzi. Ambiri anasenza mitolo ikuluikulu ya nkhuni pamutu, yoti akafika pangalande auponye mtolowo n'kuwolokerapo. Patangopita masiku asanu, pa 25 Novembala, mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka Rovuma pa Negomano n'kulowa m'Mozambique ndi asilikali ake. Nkhondo inali yomweyo, koma kuno kunalibe kasinja ngakhale mmodzi. Katundu amene ku France ankayenda pa njanji ndi pa injini, kuno ankayenda pamitu ya amtengatenga, makolo athu, ogwidwa m'midzi ya Nyasaland ndi ya chigwa cha Zambezi. Kugwidwa kumeneko, pamodzi ndi ntchito yokakamiza yolambula msewu, ndi kumene kunaukitsa anthu a ku Barue chaka chomwecho. Ndikaona chithunzi cha kasinja wa ku Cambrai ndi mtolo wake, ndimakumbukira iwowa. Nkhondoyo agogo ankaitcha ya Chiwaya, kutengera mfuti imene anaimva ndi makutu awo.

Akasinja ena awiri a nthawi imeneyo amakopa kwambiri opanga zifanizo. Renault FT wa ku France, amene anamenya nkhondo koyamba pa 31 Meyi 1918, anali wamng'ono, wa anthu awiri, koma ndiye kholo la akasinja a lero: dalaivala kutsogolo, injini kumbuyo, mfuti m'mutu wozungulira pamwamba. A7V wa Ajeremani anali ngati nkhokwe yachitsulo yonyamula anthu 18. Anapangidwa 20 okha, ndipo wotsala mmodzi ali ku Brisbane, ku Australia. Pa 24 Epulo 1918, ku Villers-Bretonneux, A7V anakumana ndi Mark IV wa Angerezi, ndipo kanali koyamba kuti akasinja awomberane okhaokha.

Kwathu anafika mochedwa, dziko litalandira ufulu mu 1975. Boma linalandira kuchokera ku Soviet Union akasinja a T-34 ndi T-54 kapena T-55, komanso galimoto zachitsulo zonyamula asilikali za BTR. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula, msewu wochokera ku Nyamapanda, kudzera pa mlatho wa Tete, Moatize, mpaka pa Zóbuè unasanduka njira yoti sungayende wekha. Malole ankayenda pa koluna, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, amene anali ndi galimoto zankhondo za matayala asanu ndi limodzi zotchedwa Cascavel, zopangidwa ku Brazil. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi mtendere usanasainidwe ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ana a masiku amenewo ankapanga zimene ankaona: lole, helikopita, kasinja wadongo wokhala ndi kamtengo kosongoka. Ana a lero ku Moatize akupanga zimalole za mumgodi ndi sitima ya malasha, chifukwa kuyambira 2011, pamene kampani ya Vale, nayonso ya ku Brazil, inayamba kutulutsa malasha, ndi zimene zadzaza maso awo. Dzanja la mwana limatsata zimene zikudutsa pamsewu.

Tsono chimasiyanitsa chidole ndi chifanizo n'chiyani? Muyeso. Akati 1:35 akutanthauza kuti chilichonse cha pa kasinja weniweni uchigawe ka 35. Mark IV anali wotalika mamita 8 ndi pang'ono, choncho amatuluka wa masentimita 23, ndipo msilikali woima pambali pake sakwana masentimita 5. Muyesowu unatchuka ndi kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, ndipo chiyambi chake n'chapafupi: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapanga kasinja wa Panther waukulu wongokwanira mabatire ndi kamota, atamuyeza n'kupeza kuti ndi 1:35, ndiye anapitiriza momwemo. Palinso 1:72 ndi 1:76, timene timakwana pachikhatho. Bokosi la zidutswa zoterezi kuti lifike ku Moatize liyenera kuchokera kutali, ku Johannesburg kapena poitanitsa pa intaneti, ndipo mtengo wake ndi ufa wa masiku angapo. Kwa munthu wa chitini ndi waya ine ndimalangiza 1:20. Masamu ake savuta, mita imodzi ndi masentimita 5, ndipo Mark IV amatuluka wa masentimita 40, woti zala zikhoza kugwira kalikonse.

Galimoto ya mawaya imatsata diso, osati rula, ndipo diso lili ndi bodza lake lodziwika: limakulitsa chimene limaopa kapena kusirira. Yang'anani kasinja aliyense wopangidwa ndi mwana, mudzapeza mzinga wonenepa ngati mtengo wa magetsi, zitseko zili zazing'ono zoti munthu sangalowemo. N'chifukwa chake ndimati chinthu choyamba kupanga chikhale kamunthu. Dulani kakatoni ka masentimita 8 ndi theka, kaimikeni patebulo, ndipo chilichonse mukupanga muzikafunsa kaye: kodi ungalowe pakhomo ili? Ungafikire chogwirira ichi? Kamunthu kameneko kamakonza zolakwa zambiri kuposa rula.

Apa pali mwayi umene anzathu a pulasitiki alibe. Akasinja oyambawo anali zitsulo zafulati zolumikizidwa ndi maliveti, ndendende mmene amakhomera ndowa ndi mbaula pamsika. Zitsulozo zinali zochindikala mamilimita 6 mpaka 12. Mukazigawa ka 35 kapena ka 20 mupeza kuti sizitalikirana kwenikweni ndi chitini cha mafuta ophikira. Ndiye kuti wodula chitini akugwiritsa ntchito chitsulo cha muyeso woona, chimene chimapindika ngati chitsulo, kukandika ngati chitsulo, ndi kuchita dzimbiri chokha. Wa pulasitiki amavutika kupala m'mphepete kuti muwoneke mopyapyala; wachitini amazipeza zili choncho kale.

Maliveti ndiwo amayesa mtima wa munthu. Pa Mark IV alipo ochuluka zedi, ali m'mizere yowongoka, ndipo mizereyo ndi imene imam'patsa nkhope. Njira yake ndi iyi: jambulani mzere ku mbali ya m'kati ya chitini, ikani timadontho motalikirana mofanana, gonekani chitinicho pathabwa lofewa, tengani msomali umene mwaubunthitsa pamwala, muzimenya kamodzikamodzi ndi mphamvu yofanana. Kunja kumatuluka katudza kobulungira. Mukamenya kwambiri mwaboola, mukanyengerera sikaoneka. Mzere woyamba umakhota, wachiwiri umakhalako bwino, ndipo pofika wachisanu dzanja limakhala litadziwa lokha. Ndinaonapo mmisiri wokhoma zidebe, atamuonetsa chithunzi, akumaliza mbali yonse madzi a tiyi asanawire, mizere ili nga! ngati yamakina. Sanafunse kuti chinthucho chinamenya nkhondo kuti, anangoti, "Achimwene, amene anakhoma ichi ankaidziwa ntchito."

Matcheni ndi nkhani ina. Ambiri amathamangira tcheni ya njinga chifukwa imapezeka, koma siifanana n'komwe. Tcheni ya kasinja wa Angerezi inali mbale zachitsulo zafulati, pafupifupi 90 mbali iliyonse, iliyonse ili ndi kamlomo kopindika kogwira dothi. Palibe chidule: dulani timbale 180 tofanana, pindani kamlomo pa kalikonse, mutimate pa lamba wa mphira wodulidwa ku chubu chakale. Ndi ntchito ya madzulo ambiri. Chotonthoza n'chakuti pa Mark IV mawilo ali obisika m'kati, ndiye simuvutika nawo. Pa T-55 zinthu zimatembenuka. Mawilo ali poyera, asanu mbali iliyonse, ndipo pakati pa loyamba ndi lachiwiri pali mpata waukulu kuposa ina yonse. Mpata umenewo ndiwo chizindikiro chake. Mukauiwala, aliyense amene anam'dziwa kasinjayu aona kuti china chake chalakwika ngakhale asanathe kuchitchula. Zitsekerero za mabotolo zimakhala mawilo abwino. Mutu wake, umene uli ngati mphika wovundikira, umatheka ndi dongo losalazidwa bwino kapena mtengo wofewa, ndipo mzinga umatuluka mu eriyo ya wailesi yakufa.

Pa utoto m'pamene opanga zifanizo amakanganirana kwambiri, popeza zithunzi za nthawiyo zilibe mitundu. Chodziwika n'chakuti a Mark I oyamba anapakidwa mawangamawanga motsogozedwa ndi katswiri wojambula Solomon J. Solomon, koma matope anakwirira zonse m'masiku ochepa, ndipo pambuyo pake ankangowapaka mtundu umodzi wa dothi. Mu 1918 anawonjezera mizere yoyera, yofiira ndi yoyeranso kutsogolo, chifukwa Ajeremani anali atayamba kugwiritsa ntchito akasinja olanda. Choncho amene wajambula mizereyo pa kasinja wa 1916 wasokoneza zaka.

Kukalambitsa chifanizo ndiye mtima wa lusoli. Kunja amagula timabotolo ta ufa tolembedwa kuti matope, fumbi, dzimbiri, mwaye. Ife zonsezo timasesa pakhomo m'mawa uliwonse. Dothi la pachulu losefedwa pansalu, losakaniza ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, limagwira m'matcheni ngati matope enieni. Mwaye wa kunsi kwa mphika, kapena fumbi la malasha limene a ku Moatize amalipukuta pamawindo, limadetsa potulukira utsi. Pensulo yopaka m'mphepete mwa timbale imaonetsa chitsulo chopekesedwa. Utoto wakuda wosungunula kwambiri, mukaudonthezera m'mizere, umalowa wokha mozungulira liveti lililonse n'kulidzutsa. Koma apanso pamafunika choonadi. Dothi la ku Somme n'loyererako chifukwa pansi pake pali choko. Katondo wofiira ndi wa T-55 wa m'misewu yathu, ndipo wa Mark I muyenera kumusakaniza ndi phulusa. Dzimbiri nalo lisachuluke. Kasinja amene ali pantchito amakhala wamatope ndi wamafuta, osati wowola. Dzimbiri lambiri ndi la amene anafa kalekale n'kusiyidwa patchire, ndipo chimenecho ndi chifanizo china, cha nkhani inanso.

Pali funso limene sindingalilambalale, ndipo ndikuganiza kuti wa ku Lincoln salimva kulemera mmene timalimvera ife. Kodi n'koyenera kukhala pansi n'kumakongoletsa chida chophera anthu, m'dera limene manda ake akadali atsopano? Si za kale lokha. Mu 2015 ndi 2016 anthu a ku Nkondezi, m'boma lomwe lino la Moatize, anathawanso kuwoloka malire, ndipo pa Kapise ku Mwanza panasonkhana oposa 10,000. Mayi wina wachikulire, ataona chifanizo pashelefu ya mdzukulu wake, anangoti, "Chichotse m'nyumba muno, mwanangu, ndinachimva kulira kwake." Mdzukuluyo anachichotsa, ndipo anachita bwino. Palibe luso limene liyenera kulanda gogo tulo.

Dziko lino linayankhapo kale funsoli m'njira yake. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu la Mozambique anayambitsa ntchito yosandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankapereka mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa, ndipo zina zitadulidwadulidwa zinaperekedwa kwa amisiri a ku Núcleo de Arte ku Maputo. Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina loti Kester, anawotcherera mpando wa mfuti zokhazokha mu 2001, umene uli ku British Museum ku London. Gonçalo Mabunda wakhala akupanga mipando ndi nkhope kuchokera ku zida zomwezo. Amisiri amenewa sanabise mfuti. Anaziika poyera, zosathanso kupha, kuti munthu aziyang'ane modekha kwa nthawi yoyamba.

Ine ndikuima pafupi ndi pamenepo. Chimene ndimachiopa ndi kasinja wonyezimira, wotsekeka mbali zonse, wopanda munthu, amene mwana amamukankha akulira ngati mzinga. Ameneyo amaphunzitsa kuti nkhondo ndi mphamvu yopanda mtengo wake. Koma munthu amene wawerenga kuti m'katimo munali anyamata asanu ndi atatu otsamwa ndi utsi, amene wayeza khomo n'kuona kuti moto ukabuka si onse angatuluke, amene wadula timbale 180 ndi manja ake, sangamuonenso kasinja ngati chinthu chamatsenga. Waona kuti ndi chitini chachikulu chokhomedwa ndi anthu, chokhala ndi anthu. N'chifukwa chake ndimati chitseko chizisiyidwa chotsegula, ndipo anthuwo aziwumbidwa, ngakhale ndi dongo, atakhala pansi, atatopa. Ndipo ndikanakonda kuti tsiku lina wina wa kuno aike pathabwa limodzi Mark IV ndi mtolo wake, pambali pake mzere wa amtengatenga ndi mitolo yawo, pansi n'kulembapo Novembala 1917. Palibe kampani imene idzagulitse bokosi limenelo. Lidzachokera m'manja ngati a mnyamata wa pa Zóbuè uja.

Amalume anga anayendapo pa koluna ali mnyamata wothandiza dalaivala, ndipo za ulendowo sakonda kukamba. Nditamaliza T-55 wanga wachitini ndinapita naye kwawo, ndili ndi mantha kuti mwina ndiwakhumudwitsa. Anamulandira ndi manja awiri, n'kumutembenuza, n'kuwerenga mawilo ndi chala. Anafika pa mpata uja n'kugwedeza mutu. Anakhala chete kanthawi.

"Amene ndinamuona ine," anatero, "mutu unali utagwera cha uku, tcheni imodzi itayalika pansi ngati mphasa. Titadutsanso nkhondo itatha, apa panali patamera mpanda wa udzu, mbuzi zikubisalamo dzuwa." Analoza pakati pa wilo lachitatu ndi lachinayi. "Udzuwo uikepo, mphwanga. Unali wautali, wofika m'chiuno."

Mawa lake ndinakadula ngayaye za tsekera wouma kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuziyeza ndi kamunthu kanga kakatoni kuti zifike m'chiuno.